Abambo akuti tiwamasule

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Chisepo tilipo, koma abambo afookeratu. Madokotala anatiuza kuti tizingowasamalira kunyumba.

Sabata yatha ine ndi amayi anzanga a kutchalitchi tinasala kudya, kupempha Mulungu kuti awachiritse. Tsiku lomasula kusalako ndinawapititsira abambo phala, n'kuwauza kuti Lolemba tiyambiranso. Anakankha kapu n'kundiyang'anitsitsa.

"Nabanda, mwandimangirira ngati mbuzi ya m'dzinja," anatero. "Ndatopa ine. Amayi ako anatsogola kalekale. Bwanji osapempha kuti ndiyende bwino?"

Ndinapsa mtima, achimwene. Njala yonse ija, iwo n'kumayankhula zotero! Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa chigafa chawo cha fodya. Nditabwerera ndinawapeza akung'ung'udza nyimbo ija ankaikonda amayi, nkhope ili phee. Lolemba sindinasale. Tsopano ndimangopemphera kuti kufuna kwa Ambuye kuchitike.

Mankhwala musatumizenso. Bwerani inuyo, abambo adakazindikirabe anthu. Galimoto ikangomveka kumsewu amafunsa ngati ndinu.

Ambuye akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda