Chikopa Chikupindika, Apongozi Akufuna Tebulo Lawo

Aphungu,

Chimwemwe chandidzaza, koma mtima uli m'mwamba. Mwezi watha ndinagula makina a leza, aja amalemba ndi kudula pogwiritsa ntchito kuwala kotentha. Ndinawaika pa tebulo lapakona m'shopu ya apongozi anga aamuna, omwe asoka nsapato zaka makumi atatu. Tsiku loyamba ndinalemba dzina la mkazi wanga pa chikopa chokhuthala. Linakongola moti ometa tsitsi a khomo loyandikana anasiya kasitomala mutu theka kuti adzaone.

Ndiye mwayi wandipeza! Mwini nyumba yogona alendo akufuna tizikopa makumi anayi tomangira makiyi, tolembedwa manambala a zipinda, pofika Lachisanu. Koma chikopa chake n'chopyapyala, ndipo kalikonse kakatuluka m'makina kamapindika ngati tsamba louma. Ndinachiyanika padenga kuti chiume gwa. Ndinachisita ndi simbi ya mkazi wanga. Mpaka lero malaya anga akununkha mbuzi. Liwiro la makina ndalitsitsa mpaka pansi, poti apongozi amati chikopa sachithamangira. Zikungoipiraipira.

Dzulo apongozi anatola kachikopa kamodzi n'kukatembenuza m'manja. "Akamwini, alendowo azimangira makiyi kapena azimwera tiyi?" Atatha kuseka anati, "Lachisanu likadutsa chonchi, tebulolo ndilifuna. Nsapato zanga zikugona pansi."

Chikopa chatsala chimodzi. Ndithandizeni.

W. K., kuseri kwa depoti ya mabasi

A W. K.,

Makina anu alibe mlandu, ndipo tebulo silinapite.

Apongozi anu sananame, koma ankanena za mpeni ndi singano. Leza ndi moto. Ukamayenda pang'onopang'ono umakhalitsa pamalo amodzi, pamwamba pa chikopa n'kuuma, n'kukokana. Inu munawonjezera dzuwa ndi simbi. Chikopacho chikanatani?

Chitani zosemphana: mphamvu yochepa, liwiro lalikulu, makina abwereze mzere womwewo kawiri kapena katatu. Yeserani pa zidutswa zomwe mwawononga kale. Zikuoneka kuti muli nazo zokwanira. Chikopa chotsalacho chimateni pa thabwa losalala ndi tepi yapepala m'mbali zonse. Yambani kulemba manambala chikadali chathunthu, kudula kukhale komaliza. Mukadula, tizikopato tigone pansi pa mabuku olemera mpaka m'mawa. Simbi ibwerere kwa mwini wake, ndi mawu opepesa.

Chatsala chachikulu. Chikopa chimafuna kachinyezi chisanalowe m'makina. Kochuluka bwanji? Zimenezo sizilembeka papepala, chimadziwa ndi chala. Ndipo chala chodziwacho chili m'shopu momwemo, chikusoka nsapato kumbuyo kwanu. Tengani siponji ndi mbale ya madzi, mukhale pansi, munene kuti, "Bambo, ndiphunzitseni." Munthu amene wanyowetsa chikopa ndi dzanja lake safuna kuona ntchitoyo ikulephera.

Samalani izi: chikopa chabodza chapulasitiki chisalowe m'makinamo, utsi wake ndi poizoni. Mawindo akhale otsegula, ndipo musachokepo makina akuyenda, ngakhale ometa tsitsi atakuitanani.

Ndipo Lachisanu mukadzamva apongozi akuuza makasitomala kuti ntchito yonseyi agwira ndi iwo, musadzatsutse. Mudzangogwedeza mutu, zigongono zili pa tebulo lanu.

Aphungu