Yosefe wa Mfuti M'chiuno

Chileka,
9 Disembala 1958.

Okondedwa achimwene a Lyford,

Moni wochuluka. Muli bwanji ku Halaleko, pamodzi ndi alamu anga a Enifa ndi mwana? Ine ndili bwino. Ku Lirangwe amayi ali gwa, koma abambo mwendo ukuwavutabe. Mvula yayamba bwino ndipo adzala kale.

Papita zaka zisanu chichokereni inu ndi a Enifa popanda ankhoswe, ndipo mukudziwa kuti dzina lanu abambo analeka kulitchula. Werengani mpaka kumapeto, musachite zanu zija zongowerenga moni n'kupinda.

Mzungu wa ku Amereka amene ndinkamuchapira, wokonza ndege pabwalo pano, anabwerera kwawo chaka chatha. Dona wake anandisiyira chithunzi chachikulu cha penti ya mafuta, pamodzi ndi buku. Anati amalume ake anachijambula mu 1912 kuti chisindikizidwe m'bukumo. Pachithunzipo pali mwamuna wa chipewa chachikulu akukoka hatchi, mkazi wofunda nsalu ali pamwamba, onse atatifulatira.

Bukulo ndinaliwerenga ndi Chingerezi changa cha Sitandade 5. Mwamunayo ndi wakuba ng'ombe, ndipo akuthawitsa mwana wamkazi wa mwini ng'ombezo.

Nditapita nacho kumudzi ndinapeza abambo ali pakhonde ndi akulu ampingo anzawo. Anandifunsa pamaso pawo kuti anthuwa ndani. Inu mukanayankha chiyani? Ine ndinati ndi Yosefe ndi Mariya akuthawira ku Igupto. Ndinanena mosaphethira n'komwe. Abambo anachikhoma pabalaza, pamwamba pa mpando wanu uja, ndipo ana a Sande Sukulu akhala akubwera kudzaona Yosefe chaka chonse.

Mwezi wathawu amayi anatumiza mawu kuti abambo akufuna kuchinyamula kupita nacho kutchalitchi pa Khirisimasi. Pamenepo ndinada nkhawa, chifukwa bukulo ndinali nditabwereka aphunzitsi a McDonald, ndipo aja sasunga kanthu m'kamwa. Ndinaona kuti abambo adzasekedwa mpingo wonse ukuona, chifukwa cha ine.

Loweruka ndinakwera basi. Ndinapeza abambo akumata chubu cha njinga, ndinagwada n'kuwauza zonse, ng'ombe ndi mtsikana yemwe. Ndinayembekeza mkwiyo uja mukuudziwa.

Sanadzutse n'komwe mutu. Anati mfuti ili m'chiuno mwa munthuyo anaiona tsiku loyamba, ndipo iwo Baibulo analiwerenga ine ndisanabadwe, sanapezemo mmisiri wa matabwa woyenda ndi mfuti. Anati kutchalitchi sichipita, zimenezo anangonena kuti aone ngati mwana wawo wamkazi akadali ndi manyazi.

Ndinafunsa chifukwa chimene anachisungira. Anandiuza kuti ndikayang'anitsitse phewa lakumanzere la munthuyo. Achimwene, ndi lotsika ngati lanu. Anati ndi mmene anakuonerani komaliza pa siteshoni ya Lirangwe, mutafulatira, a Enifa ali patsogolo. Paja inu mumati sanabwere. Anabwera, anaima kuseri kwa matumba a thonje.

Ine ndinalira, sindibisa. Iwo anapitiriza kupopa njinga, n'kunena kuti wakuba ng'ombe wakhala pakhoma pawo chaka chathunthu osalipira mlandu, nanga mwana wawo wobereka okha angalephere bwanji kukhala pampando uli pansi pakepo. Anatchula dzina lanu, kawiri.

Choncho sindikupemphani ngati wokayika. Pemphani tchuthi, mutenge a Enifa ndi mwana, mubwere. Za ankhoswe amalume a Julius avomera kale kukagogoda kwa makolo a alamu ku Mdeka. Abambo sadzalemba okha, mukuwadziwa, koma andifunsa katatu ngati ndagula sitampa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa mwana amene agogo ake sadziwa ngakhale dzina lake. Ambuye akusungeni panjira.

Mukamatsika sitima mudzavule chipewa. Msana wanu auyang'ana mokwanira, tsopano akufuna nkhope.

Ndine mlongo wanu,
Connie