Masamba a Maliro Panjira ya Marathoni

Lachitatu, 14 Ogasiti

Nambala ya pachifuwa ndatenga. Yofiira, ya othamanga theka la mtunda. Mtima pansi tsopano, pakuti bondo lija lasiya kuwawa. M'mawa ndakwera chitunda cha ku Soche osaima.

Zaka zonsezi marathoni ndimaonerera ndili m'mbali mwa msewu, kuwomba m'manja mpaka zikhato kuyabwa, kuloweza maina a opambana ngati a oyera mtima. Lamulungu lino nanenso ndilowa. Njira yake idutsa m'Zingwangwa momwemuno, pamsewu wathu weniweni. Anyamata a pasiteji, amene amandikuwiza kuti mkazi wothamanga sapeza banja, adzaone ndi maso awo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

A Fletcher atisiya. Oyandikana nafe, anzawo a Bambo kuyambira kwathu ku Nsanje, a mphakati umodzi kutchalitchi. Ndalira. Kenako, ndi manyazi, ndaganiza za Lamulungu.

Kuika ndi Lolemba, akudikira mwana wawo wa ku Joni. Masamba aikidwa kale pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa siwa. Pakati pa masamba amenewo wanjinga amatsika, galimoto imayenda ngati ikukwawa, mwamuna amavula chipewa, mkazi sadutsa wopanda chitenje. Za munthu wothamanga pamenepo sindinamvepo. Koma mkucha tidutsa anthu mazanamazana, ine ndili m'kabudula.

Loweruka, 17 Ogasiti

Mkangano ndi Bambo, masana, kuseri kwa nyumba. Mawu awo: "Mwana wa m'nyumba muno sadzalumpha masamba miyendo ili pamtunda, ine nditakhala pasiwa."

Ndawayankha mwaulemu koma mosabisa. Kuti msewu ndi wa anthu onse. Kuti mwambo uyenera kutumikira amoyo. Kuti ndakonzekera kuyambira nthawi ya mvula, m'matope, agalu akundithamangitsa. Zonse zoona, ndipo ndikhoza kuzibwereza pamaso pa aliyense. Iwo anangondiyang'ana, n'kutenga chipewa chawo kubwerera kusiwa. Kukangana ndi munthu amene mnzake wagona m'bokosi sikukoma, ngakhale uli ndi mfundo.

Achimwene anga a Thom abwera ndi nkhani yoipa. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, akuti atchinga msewu ndi mabenchi, ndipo aliyense wothamanga amugwira. Okonza mpikisano anafika kudzapepesa, ati njira singasinthidwe tsiku lomaliza.

Ndikathamanga pamenepo, Bambo adzawerama pamaso pa mphakati wonse, mwinanso sadzandilankhulanso monga kale. Ndikakhala pakhomo, ndiye kuti ndavomereza kuti mkazi malo ake ndi m'mbali mwa msewu. Zonse ziwiri sindikuzifuna.

Mayi sanalowerere. Anangofunsa kuti tidzatulukira mbali iti, nthawi yanji. Ndawauza mokwiya. Ndithamanga basi.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Ndamaliza. Ndili moyo, palibe wagwidwa, palibe watukwanidwa. Ambuye alemekezeke.

Ndilembe bwinobwino ndisanaiwale.

Potsika kuchokera ku Nkolokosa miyendo inali yopepuka. Nyimbo ya maliro ndinaimva tisanakhote. Titakhota, mabenchi kunalibe. Amene anali patsogolo panga anayamba kuchepetsa liwiro mmodzimmodzi.

Masamba asanafike, mzere wa amayi a mphakati, aliyense zitenje zili pamkono. Patsogolo pawo Mayi anga. Sindinapeze mpata wolankhula. Anandikulunga m'chiuno, n'kumanga mfundo yolimba ngati akubereka mwana. Ati, "Yenda iwe Tithokoze, anzako akudikira chitenje chomwechi."

Ndinayenda. Tonse tinayenda. Amuna zipewa m'manja, thukuta likuchucha, mpweya ukutuluka mwaphokoso koma pakamwa potseka. Mzungu wina wamkazi anavekedwa chake asakudziwa chimene chikuchitika, kenako anaona bokosi pakhonde, nagwira manja kutsogolo monga ife. Adzukulu anaima m'mbali atapinda manja. Mmodzi yekha analankhula, kwa mkulu wina amene anaiwala: "Bwana, chipewacho." Nkhondo yonse imene ndinkaopa inathera pamenepo.

Kumene kunakhala amuna sindinayang'aneko. Ndinalibe mtima.

Kutsidya kwa masamba a kumunsi, Anti Betty, ang'ono awo a Mayi, kumasula zitenje, kuzikundika, kuthamangira nazo kumtunda kudzera kuseri kwa nyumba, kubweranso. Ndi thupi lawo lija. Madzulo ano akuti mendulo iyenera kukhala yawo, chifukwa athamanga kuposa tonsefe popanda wowapatsa madzi. Mfundo yanga inawavuta kumasula, mpaka anaigwira ndi mano.

A Thom ati otsogola mpikisano, akatswiri amene ndimasunga zithunzi zawo m'foni, anafika pamasamba ali pagulu, nayenda limodzi popanda wopitirira mnzake, ngati anapangana. Atangodutsa, liwiro la mtondo wadooka. Chimenecho ndikanakonda kuchiona ndi maso anga.

Ndamva kuti Mayi anapita kwa anamfedwa dzulo madzulo kukapempha, ndipo amayi a Fletcher, akazi a malemuwo, ndiwo analamula kuti mabenchi asatuluke. Zonsezi ine ndili m'chipinda kukonza mfundo zanga.

Funso langa lilipobe, ndipo sindilisiya: n'chifukwa chiyani miyendo ya mkazi ndiyo iyenera kubisidwa, ya mwamuna ayi? Ndidzalifunsa kusukulu, ndidzalifunsa ndi kumphakati komwe. Koma lero mkwiyo wanga wasowa poima. Mtunda wotsalawo ndinathamanga ndikulira, osadziwa ngati ndikulirira a Fletcher kapena mpumulo.

Pomaliza ndinafika pambuyo kwambiri. Zilibe kanthu.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Tinaika dzulo. Pa Misa kugwada kunandikanika, ntchafu zaumiratu. Amayi a Fletcher anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Bambo za mpikisano sanatchulebe. Amandiyankha moni, amadya zimene ndaphika, basi. Ndimaganiza kuti akadali ndi chakukhosi, ndipo ndinakonzeka kupirira.

Masana ano a Thom andiuza akuseka. Pamene Anti Betty ankalimbana ndi mfundo ija, Bambo anaimirira pakati pa amuna onse, pasiwa, nyimbo ili mkati, n'kukuwa: "Mmasuleni msanga mwanayo, anzake akumusiya!" Akuluakulu anachita kuwakoka jekete kuti akhale pansi. Ine sindinamve chifukwa cha nyimbo.

Bambo anga. Amene sakweza mawu ngakhale m'nyumba mwawo.

Ndiwafunsa akabwera kuntchito. Kapena ndisawafunse, ndingowaikira madzi osamba. Geti likulira, ndi iwowo