Bambo Asaiphe Nkhumba Ija

Suva, Fiji

Okondedwa achemwali anga a Meere,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, mtima ndi umene ukuwawa.

Malo aja okapitiriza maphunziro ku Australia, amene amapatsa mwana mmodzi yekha wa kwathu ku Kiribati, andiphonya. Watenga ndi Ruiti, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kuno ku yunivesite.

Mukudziwa kuti ndinasankha phunziro la madzi apansi panthaka chifukwa cha chitsime cha bambo chimene chalowa mchere. Tinaliyamba limodzi ndi Ruiti. Kuno ukasiya phunziro milungu inayi isanathe, sililembedwa pa satifiketi yako. Iye atangolawa mayeso oyamba analithawa, n'kukatenga lina la mphunzitsi amene amamwaza malikisi ngati akudyetsa nkhuku. Anandilangiza kuti nanenso ndithawe, ati thukuta silioneka papepala. Ndinamuseka, achemwali. Ndinkadziyesa wanzeru ndine.

Miyezi inayi ndinaithera m'matope, kuyeza zitsime za eni mpaka nsapato zinayasama. Ndinakhoza, koma mokwawa. Osankha aja anangoona malikisi basi. Palibe amene anafunsa kuti wina anawapeza bwanji.

Dzulo Ruiti anabwera akumwetulira kudzapempha makope anga, poti kumene akupitako akaphunzira za madzi omwewo. Nditakana, anati:

"Aa, iwe Tarataake, ukuwaumiriranji? Si ukubwerera kumudzi iwe?"

Ndinamuuza kuti akapemphe kwa mphunzitsi wake wa nkhuku uja. Ambuye andikhululukire, koma mpaka pano sindikumva chisoni.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti bambo analengeza kale pamsonkhano wa mudzi kuti mwana wawo akupita ku Australia, ndipo akunenepetsa nkhumba ya phwando londitsanzika. Chonde muwauze ndinu, muli awiri, alendo asanaitanidwe. Ndi bambo amene anandiphunzitsa kuti wogwira ntchito molimbika sachita manyazi, ndiye sindikudziwa kuti ndiwayang'ana bwanji.

Ndifika mu Disembala ndi makope anga onse. Chitsime chawo ndidzachiyeza ndekha, poti chimenecho chokha ndiye ndikuchidziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Bambo muyambe mwawapatsa moni wanga, zinazo pambuyo.

Ndine mng'ono wanu,
Tarataake