Mawu a Bambo Atsekeredwa M'kompyuta

Okondedwa achimwene,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chia tilipo, kungoti amayi miyendo ija ikuwavutabe.

Nkhani ndi ya kompyuta munatitumizira ija. Paja munati iyi ndi yamakono, mavairasi salowa, chosungidwamo sichitayika. Ndinakhulupirira, mpaka ndinasamutsiramo vidiyo ija ndinajambula malemu bambo akuloza malire a munda wathu wa mpunga, ya pafoni n'kuifufuta.

Lachiwiri inangoyamba yokha kudzikonza, ati ikuwonjezera chitetezo. Sinandifunse n'komwe. Ili mkati, magetsi anathima. Poyatsanso, ikufuna nambala yachinsinsi imene sindinaionepo chibadwire. Ndinakwera nayo minibasi mpaka ku Dwangwa. Wokonza wake anangopukusa mutu, amvekere: "Mayi, loko uyu ngakhale anamupangawo sangamuthyole. Ndingofufuta zonse?" Ndinamulanda, n'kuikulunganso m'chitenje.

Pano abambo aang'ono ayamba kale kulima mbali yakumadzi ya munda uja, ati bambo anawapatsa. Mlandu wa mundawu uli sabata yamawa, koma mboni yanga ili m'bokosimo, yangoti duu. Chitetezo chanji chotsekera mwini nyumba panja?

Chonde achimwene, kafunseni kumene munaigula, mwina nambalayo ilipo. Ngati palibe, ndiuzeni msanga ndileke kuyembekeza. Amayi sindinawauze. Dzulo anati ndiwayatsire amveko mawu a amuna awo, ine ndinangoti magetsi ndi ofooka. Lero afunsanso.

Allah akusungeni, ifenso atikumbukire.

Ine mlongo wanu,
Asiyatu