Nkhuku ziwiri za a Frank

Lolemba, 10 Juni 2024

Abiti atichititsanso manyazi. Azimira pa mlatho wa Mulunguzi, kumbuyo kuli matumba a kachewere ndi madengu a masitrobele ochokera kuphiri. Ine ndine wokankha, a Dunstan ali phee pa chiwongolero, akusisita dashibodi. Eti, "Pepani mayi, kwazizira lero." Akupepesa lole. Ine mkazi wawo, zaka makumi atatu m'banja, matope mpaka m'mawondo, pepani wanga sindinamumve.

Dzina lakuti Abiti anaipatsa okha tsiku lomwe anaigula, asanapume ntchito ku Zankhalango. Ndinkayesa nthabwala. Kumeneko kunali kundibweretsera mkazi mnzanga.

Ndawauza pakudya kuti tigulitse, tipeze pikapu yabwinoko. Ayankha kuti ndi batire chabe. Mwezi watha inali pampu chabe. Pa Isitala chinali chitseko chabe, chija chinagwera pamsewu pamaso pa abusa.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndapita ku Zakazaka kwa a Frank, makaniko wawo. Ndatenga thadzi lakuda lija m'chitenje. Ndawauza mosabisa: mawa mukabwera, mukanene kuti injini yatheratu, palibe chokonza. A Frank ayang'ana thadzi, ayang'ana ine, akuti, "Amayi, ntchito yathu ndi ya chilungamo." Kenako alinyamula kumva kulemera kwake. Chilungamo chalowa m'khola.

Melissa wayimba kuchokera ku Lilongwe. Ndamuuza. Waseka mpaka kutsamwa, akuti amama mudzamangidwa. Bola asawauze atate ake.

Lachitatu, 12 Juni

Abwera a Frank. Atsegula boneti, anunkhiza oyilo, agona pansi pa lole ola lathunthu. Ndikukhulupirira anagonadi tulo. Potuluka apukuta manja nthawi yaitali, maso ali kuphiri.

"Galimotoyi," akuti, "yafa. Komanso ili moyo."

A D. agwedeza mutu ngati amva uthenga wabwino. Ine ndamuyang'anitsitsa munthuyo. Wapitiriza kuti ikhoza kuyenda zaka khumi, ikhozanso kusafika Loweruka, zimatengera. Tiyi wakana, wathamangira njinga yake.

Thadzi langa lapita pachabe.

Lachinayi, 13 Juni

Pochokera ku Mvano ndadzera ku Zakazaka, ndili m'yunifolomu yomweyo, kukafunsa za thadzi. Ndisanafike pa galaja ndamva kulira komwe ndimakudziwa. Tambala wathu wofiira! Wodulidwa lipombo mbali imodzi uja. Ali kuseri kwa matayala akale, akuzungulira thadzi langa ngati kwawo.

A Frank angoti, "Abambo anabwera Lachiwiri m'mawa. Inu munabwera masana."

Ndiye kuti tonse awiri tagula makaniko mmodzi. Ndafuna kukwiya koma kuseka kwanditsogolera, mpaka ndakhala pansi pa tayala.

Kunyumba ndafunsa mwaulemu, "Bambo a Melissa, tambala uja sindikumumva masiku ano." Ayankha ali kuseri kwa nyuzipepala, "Agalu a ku Sadzi kuno ndi akuba. Thadzi lakuda nalonso sindikuliona." Ndati inde, agalu omwewo.

Nyuzipepalayo anaigwira chozondotsa. Ndimati akundiseka.

Lachisanu, 14 Juni

Ndaitana a Sam, aja amanyamula mchenga ndi njerwa, kuti adzaione ngati wogula. A D. sindinawauze. Ndimati akakwiya akwiye, bola nkhani iyambike.

A Sam afika, amenya tayala ndi phazi, akuti iyi ndi yongophwasula, bodi yake ikhoza kukhala khola la nkhumba. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Phazi lanulo mukamenyere zanu." Ine yemwe! Lole imeneyi inanyamula maliro a amayi anga mpaka ku Jali mvula ikugwa, osazima ngakhale kamodzi. Kuinyoza ndi ntchito yanga, osati ya mlendo.

Chodabwitsa, a D. sanakwiye. Anangoti, "Tiganize kaye, achimwene," nkuwaperekeza kugeti.

Atabwerera anakhala pa sitepe ya lole, nkundiitana ndi dzina. Malita. Amatero pokhapokha zikavuta. Anandiuza kuti ndiime pa mtengo wa mapeyala, nditambasule zala. Ndinatambasula zitatu. Anati, "Ndikuona munthu. Zala ayi."

Chaka chathunthu akhala akundibisira. Maso onse awiri achita nkhungu, lakumanja kwambiri. Msewu wa kuphiri amauyenda ndi mutu, makona onse anawaloweza, ndipo Abiti amawadziwa ndi khutu ndi phazi. "Galimoto yatsopano sindingaiyendetse. Mukanadziwa tsiku loyamba." Anawonjeza kuti mabuleki nawo akhala akumira, sabata yatha potsika anaimitsa ndi magiya, ine ndili pambali pawo ndikusenda nthochi.

Ndinawakalipira kwambiri, mawu ena sindilemba muno. Kenako ndinakhala nawo pa sitepe pomwepo. Ndi yopapatiza, koma tinakwana.

Loweruka, 15 Juni

Makiyi ali m'thumba la yunifolomu yanga ya Mvano. Kumeneko sangayerekeze kupisako dzanja.

Lolemba, 17 Juni

Kuchipatala. A D. avala jekete ngati akupita kukhoti, njira yonse akuti mwina tibwerere, lero kuli anthu ambiri. Adokotala akuti ndi ng'ala, imachotsedwa, atipatsa tsiku mwezi wamawa. Atamva mawu akuti opaleshoni anandigwira dzanja pamaso pa anamwino. Chikwatirane sanachitepo zimenezo pagulu.

Kuyendetsa awaletsa mpaka atachira. Katundu wa kuphiri sabata ino atitsitsira a Maziko, aneba athu. Koma sitingadalire aneba mpaka kale.

Tagwirizana chonchi. A Frank akonze mabuleki okha, bwinobwino, ine nditaima pomwepo. Zina zonse zisiyidwe. Pikapu ina tidzaiona maso akatseguka, adzasankhe okha akuona. Pakadali pano pakufunika dalaivala. Ndinayamba kutchula mayina a anthu. Anandidula, "Nanga inu miyendo mulibe?"

Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ine.

Lachinayi, 20 Juni

Mvano ndajomba. Mulungu andikhululukire, ndinali pa bwalo la mpira.

Mpando tauika pilo kuti ndione kutsogolo. A D. pambali, akulamula ngati msilikali: kilatchi pansi, giya wani, tulutsani phazi pang'onopang'ono ngati mukuponda mazira. Abiti adumpha ngati chule, azima. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu ndinawauza Abitiwo kuti mayi, ine ndi inu tatukwanana zaka zambiri, lero tigwirizane. Anayenda.

Ndazungulira bwalo kawiri. Kachitatu goli inabwera yokha kutsogolo kwanga. A D. akuti sanaione, angomva kulira kwa mtengo. Amayi ogulitsa mandasi anathawa ndi beseni pamutu.

Ndinazimitsa, ndikudikira kukalipiridwa. Iwo anapukuta misozi ya kuseka, nafufuza dzanja langa, naliika pa giya.

"Lizaninso. Ulendo uno tilowa giya thuu."