Kochi uja asachoke msanga

Lamlungu, Bolton, kuno ku Mangalande. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga wapepukako.

Chimwalirire apongozi ku Ntcheu, bambo a Tadala akhala ngati chitsa. Kumaliro sanathe kupita, anangoonera pa foni bambo awo akuikidwa. Kuyambira pamenepo akabwera ku shifiti amangolowa kuchipinda, chakudya n'kungochilawa.

Lero titaweruka kutchalitchi, azibambo anabwera kudzapepesa. Anakhala pabalaza mitu ili pansi, ine ndikuthira tiyi. Tinapemphera limodzi. Kenaka a Phiri, aja a ku Chipata, anaona sikafu ya timu ya mpira imene bambo a Tadala amasapota ili pampando, n'kuyamba: "Koma kochi uja achoke basi. Anzako akukutsogolera, iwe n'kutulutsa womwetsa zigoli?"

Ndinapsa mtima. Anthu abwera kudzakhuza maliro, iwo za mpira? Ndinatsala pang'ono kuwalanda kapu.

Ndiye ndinangomva mawu amene ndinawasowa m'nyumba muno. "A Phiri, mpira simuudziwa inu! Pakati panali pobowoka, mukanakhala inu mukanatani? Mpatseni nthawi munthuyo!" Bambo a Tadala amenewo, ataimirira, chala chili m'mwamba. Anakangana mpaka tiyi kuzizira, ena akuti achotsedwe, ena akuti vuto ndi osewera aulesi. Masikono onse anatha, ndipo ambiri anadya bambo a Tadala omwewo.

Potuluka, a Phiri ananditsinzinira diso. Kani anachitira dala.

Kochiyo sindimudziwa ndi nkhope yomwe, kaya amatha kaya satha. Koma chonde asamuchotse msanga, kuno tidakamufuna...